Kutchipa kwa ku Joni: momwe anthu a ku Mzimba amawerengera

Ku Mzimba ulendo wa ku Joni si nkhani yachilendo. Midzi yambiri ya kumwera kwa bomali, kuyambira pa Jenda kukafika ku Embangweni ndi ku Edingeni, ili ndi ana ake ku South Africa, ndipo nyumba zambiri za malata zimene timaziona m'mbali mwa msewu zidamangidwa ndi ndalama za kumeneko. Mnyamata akamaliza Fomu 4 ntchito n'kusowa, banja limayamba kufunsana kumene ichokere ya pasipoti ndi ya basi. Pa zokambirana zotere mawu amene ndawamva kawirikawiri ndi akuti ku Joni zinthu n'zotchipa. M'nkhani ino ndikufuna kuwasanthula mawu amenewa. Ine ndimawaona kuti ndi oona, koma munthu amene akuwerengera ali kumudzi amasiya zinthu zingapo kunja kwa masamu ake, ndipo zosiyidwazo ndi zimene zimadula.

Njirayi idalambulidwa kale. Agogo athu ankapita ku migodi kudzera ku bungwe la Wenela, lomwe pambuyo pake lidadziwika ndi dzina loti TEBA, kwathu n'kumati Theba. M'chaka cha 1974 ndege yonyamula anthu ochokera ku migodi idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Dr Kamuzu Banda adaimitsa kulemba anthu. Ntchitoyi idayambiranso mu 1977, koma idatheratu mu 1988 pamene maboma awiriwa adasemphana pa nkhani yoyeza anthu kachilombo ka HIV. Chiyambire nthawi imeneyo aliyense amapita pa selefu, mawu obwereka ku Chingerezi otanthauza kudzipitira wekha. Kusiyana kwake n'kwakukulu. Wa Theba ankapeza pogona, chakudya ndi chipatala zomudikira, ankabwerera kontirakiti ikatha, ndipo gawo la malipiro ake ankadzalandirira kuno. Wa selefu zonsezi amadzionera yekha. Wofufuza wina, Jens Andersson, adalemba mu 2006 za momwe anthu a ku Mzimba adakhazikitsira njira zawozawo zonyamulira anthu ndi katundu pakati pa bomali ndi Johannesburg, popanda kampani kapena boma kuikapo dzanja.

Masamu amene amakopa anthu ndi osavuta. Mu 2024 malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ku South Africa adali R27.58 pa ola. Munthu wogwira maola 8 pa tsiku kwa masiku 22 akadalandira pafupifupi R4,850, zomwe pa mtengo wa kubanki wa chaka chimenecho zidali zoposa K400,000. Kuno kwathu malipiro otsikitsitsa a chaka chomwecho adali K90,000 pa mwezi. Kuwonjezera apo kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kotero randi iliyonse yotumizidwa kumudzi idayamba kugula zambiri. Nazo zinthu monga buledi, mafuta ophikira, nkhuku, mabulangete ndi zovala zimafuna maola ochepa a ntchito kumeneko kusiyana ndi kuno. Amene adaonapo ngolo zokokedwa ndi magalimoto a matiransipota zikutsitsa njinga, matiresi ndi mapanelo a sola pa boma la Mzimba sangatsutse.

Choyamba chimene masamuwa amachisiya ndi mapepala. Mmalawi amaloledwa kulowa ku South Africa popanda viza kwa masiku 30 okha, ngati mlendo, osati wogwira ntchito. Chilolezo cha ntchito n'chovuta kuchipeza kwa munthu wosamalira maluwa, wokonza m'nyumba kapena wothandiza amisiri omanga, ndipo izi ndizo ntchito za anthu athu ambiri. Masiku 30 akatha munthu amasanduka wozemba. Malamulo a mu 2014 amati wopitirira masiku ake ndi masiku osaposa 30 aletsedwe kulowanso kwa chaka chimodzi, wopitirira kuposa apo kwa zaka 5. Wogwidwa amatsekeredwa, ambiri n'kutumizidwa ku Lindela, malo osungira obwezedwa kwawo ku Krugersdorp. Tsono malipiro aja a R27.58 ndi a pa pepala. Wopanda chilolezo amalandira zimene bwana wafuna, masiku ena ganyu osapezeka, m'dziko limene mu 2024 anthu oposa 30 mwa 100 alionse ofuna ntchito adali pa ulova. Akaberedwa malipiro amaopa kukadandaula, poti wodandaulayo ndi amene angayambe kumangidwa.

Chachiwiri, chimene ine ndimachiona kuti ndiye phata la nkhani yonse, ndi pogona. Nyumba za m'madera otetezeka a Johannesburg, Durban ndi Cape Town si zotchipa ngakhale pang'ono. Kuti munthu atsale ndi kanthu kotumiza kumudzi amayenera kukhala m'kanyumba ka malata okhaokha, komwe kumeneko amati mkhukhu, m'malo ngati Diepsloot ndi Alexandra, kapena kupanikizana anthu angapo m'chipinda chimodzi cha nyumba zakale za pakati pa mzinda. Malo otchipawa ndi omwewonso amene kuli umbanda wambiri, apolisi ochepa ndi magetsi olumikiza mwachinyengo. Wachuma amagula chitetezo ndi mpanda wamagetsi ndi alonda. Mlendo wosauka amasunga ndalama mwa kusagula chitetezocho, ndiye kuti kutchipa kumene amakusimba kumudzi adakulipira ndi tulo take.

Chitsanzo chomvetsa chisoni ndi nyumba ya Usindiso ku Marshalltown, pakati pa Johannesburg. Nyumbayi, ya nsanjika zisanu, idali ya khonsolo ya mzindawu, koma idalandidwa ndi anthu amene ankatolera lendi mosaloledwa. M'kati mwake anthu adagawa tizipinda ndi matabwa ndi makatoni. Usiku wa pa 31 Ogasiti 2023 idapsa, anthu 76 n'kumwalira, ena mwa iwo Amalawi. Ambiri adalephera kutuluka chifukwa njira zothawira zidali zotseka. Komiti yofufuza yotsogozedwa ndi Justice Sisi Khampepe idapeza mu 2024 kuti khonsoloyo idali ndi mlandu wolekerera nyumbayo. Chodabwitsa n'chakuti m'nthawi ya tsankho nyumba yomweyi ndi imene anthu akuda ankalandirirako mapasi owalola kukhala mu mzindawo. Anthu amene adafera m'menemo sadasankhe malowo chifukwa chosadziwa kuopsa kwake. Adawasankha chifukwa lendi yake ndi imene ikadawasiyira ya fetereza ndi ya fizi.

Za umbanda wamba ziwerengero zimanena zokha: m'chaka cha apolisi cha 2022/23 anthu oposa 27,000 adaphedwa ku South Africa, pafupifupi 75 tsiku lililonse. Ambiri mwa ophedwawa ndi eni dziko. Koma mlendo wopanda mapepala amavutika kutsekula akaunti ku banki, kotero achifwamba amadziwa kuti tsiku la malipiro ndalama ili m'thumba kapena pansi pa matiresi. Njira zotumizira ndalama pa foni monga Mukuru zachepetsako vutoli, pakuti munthu amatha kutumiza tsiku lomwelo m'malo modikira tiransipota.

Palinso chiwawa cholunjika alendo. Mu Meyi 2008 zipolowe zidayambira ku Alexandra n'kufalikira madera ena, anthu 62 n'kuphedwa. Zidabukanso ku Durban mu Epulo 2015, boma la Malawi mpaka kutumiza mabasi okatenga anthu ake, kenako mu 2019. Mu 2021 kudabadwa gulu la Operation Dudula ku Soweto, lomwe mu 2025 linkaima pa zipata za zipatala zina kubweza alendo. Ife ophunzira zilankhulo pali mfundo imene iyenera kutikhudza pano. Mlendo amatchedwa kwerekwere, dzina lonyoza kamvekedwe ka chilankhulo chake, ndipo mu 2008 achiwembu ena ankayesa munthu pomufunsa dzina la chigongono mu Chizulu, lomwe ndi indololwane. Angoni a ku Mzimba ndi zidzukulu za anthu a Zwangendaba, amene adachokera kumwera komweko n'kuwoloka Zambezi mu 1835. Lero ambiri amayankhula Chitumbuka, Chingoni chidatsalira m'nyimbo za ingoma ndi m'mayina a midzi. Mnyamata wa mfunda wa Jere angathe kulephera mayeso a chigongono m'dziko limene makolo ake adachokera. N'chifukwa chake ofika kumene amalimbikira Chizulu msanga, ndipo m'minibasi amayankhula motsitsa mawu.

Nawo msewu uli ndi mtengo wake. Kuchokera ku Mzimba kudzera ku Dedza kapena ku Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge ndi makilomita oposa 2,000, masiku awiri kapena atatu a pa basi. Mu Okutobala 2025 basi yochokera ku Gqeberha idagwera kuphompho pafupi ndi Makhado m'chigawo cha Limpopo n'kupha anthu oposa 40 a ku Zimbabwe ndi Malawi. Mtunda womwewu ndi umene maliro amayenda. Kwathu munthu amayenera kugona pafupi ndi makolo ake, ndipo kubweretsa thupi kumafuna mapepala, bokosi ndi galimoto, ndalama zotha kumeza zimene malemuyo adasunga zaka zingapo. Ochenjera amalowa m'magulu osonkherana za maliro a anthu ochokera dera limodzi. Chopereka cha mwezi ndi mwezi chimenechi sindidamvepo wina akuchiwerengera asadanyamuke.

Nanga n'chifukwa chiyani anthu akupitabe? Sindikhulupirira kuti ndi umbuli. Nkhani za Lindela ndi za maliro zimafika m'midzi msanga kuposa nyuzipepala. Kukhala nakonso kuli ndi zoopsa zake: mvula yosadalirika, fetereza wokwera mtengo, fodya wotsika mtengo, ndiponso malowolo a ng'ombe amene mnyamata wosagwira ntchito sangawakwanitse. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Poona abale anga ndi anzanga amene adapita, ndimapeza kuti zimawayendera bwino amene adali ndi mbale wokhazikika wowalandira, amene adali ndi luso la manja monga ukalipentala, kuwotcherera kapena kusoka, ndi amene adapeza ntchito yogonera pa bwana pomwepo. Wogonera pa bwana salipira lendi, sakwera minibasi usiku, ndipo amakhala kuseri kwa mpanda wa mwini nyumba. Vuto lake n'lakuti ntchito ikatha, pogona pamatheranso pomwepo.

Chinthu chimene chimavuta kuchiika m'masamu ndi nthawi. Pafupifupi aliyense amanyamuka akunena kuti akukakhala zaka ziwiri, agule malata ndi ng'ombe, abwerere. Koma wopitirira masiku ake amadziwa kuti akatuluka pa Beitbridge angaletsedwe kulowanso kwa zaka 5, choncho amazengereza kubwera, ngakhale pa maliro a bambo ake. Zaka ziwiri zija zimasanduka zisanu ndi ziwiri. Mkazi amatsala pa mudzi wa apongozi, monga mwa mwambo wa Chingoni, akulima, akulera ana amene bambo awo amawadziwira pa WhatsApp. Ena mwa amunawa amakwatiranso komweko, ndalama n'kuyamba kubwera mwa apo ndi apo. Chichewa chidawapatsa kale dzina anthu otere, matchona, kuchokera ku mneni woti kutchona, ndipo dzinali lidayamba kumveka m'nthawi ya migodi. Pa Jenda pali nyumba zingapo zimene zidafika pa mawindo n'kuima, njerwa zake zayamba kumera ndere, eni ake akadali ku Joni.