Mahedifoni: Khutu Lanu Ndilo Liweruze

Lero tikamba za mahedifoni, kumene anachokera, ndi mmene munthu wa ndalama zochepa angapezere abwino.

Nkhaniyi ikuyambira ku Utah, m'dziko la America, m'chaka cha 1910. Kumeneko mmisiri wina wa zamagetsi, Nathaniel Baldwin, ankalumikiza timawaya m'khitchini ya kunyumba kwake. Zimene anapangazo anatumiza kwa asilikali apamadzi a dzikolo, ndipo iwo ataziyesa anaitanitsa zokwana 100. Asilikaliwo sankafuna nyimbo. Ankafuna kumva bwino uthenga wa pa wailesi wofika mofooka kuchokera kutali.

Nyimbo zinalowa m'makutu pambuyo pake. Mu 1958 John Koss wa ku Milwaukee, munthu wokonda jazi, anatulutsa mahedifoni a sitiriyo, ogawa mawu kumanzere ndi kumanja, moti womvera ankakhala ngati ali pakati pa oimba. Mu 1968 kampani ya Sennheiser ku Germany inabweretsa HD 414, otseguka kumbuyo kuti mpweya uzidutsa. Kenaka pa 1 Julayi 1979 kampani ya Sony ku Japan inayamba kugulitsa Walkman, kawailesi ka kaseti koyenda nako. Kuyambira pamenepo nyimbo zinatuluka m'nyumba, n'kumaperekeza munthu pamsewu, m'basi ndi kuntchito.

Mbiri imeneyi ili ndi phunziro kwa wogula. Koss Porta Pro anatuluka mu 1984, koma mpaka pano akugulitsidwa pamtengo wofikirika. Sony MDR-7506 a mu 1991 akadali pamitu ya akatswiri m'nyumba zojambulira nyimbo ndi zoulutsira mawu. Luso lopanga mahedifoni omveka bwino ndi lakale, ndipo silifuna chuma chambiri. Mu 2017 katswiri wina, Jeroen Breebaart, anafalitsa zimene anapeza atayerekeza mahedifoni 283. Anapeza kuti mtengo sugwirizana kwenikweni ndi mmene chipangizocho chimatulutsira mawu otsika, apakati ndi okwera. Ndalama zambiri zingakugulireni dzina, chitsulo chonyezimira ndi bokosi lokongola, koma sizilonjeza kuti mawu akhala abwino.

Ndiye mukalowa m'sitolo muchite chiyani? Tengani foni yanu ndi nyimbo imene mumaidziwa mpaka pamene woimba amapumira. Wogulitsa amakonda kukuikirani nyimbo ya besi yogunda pamtima, voliyumu ili pamwamba, chifukwa chilichonse chofuula chimamveka ngati chabwino. Inu tsitsani. Ikani nyimbo ya mawu ndi chingwe basi, monga za a Giddes Chalamanda. Kodi liwu lawo likumveka ngati la munthu amene wakhala patsogolo panu, kapena likuchokera kuseri kwa khoma? Mukatero ikani nyimbo ya kwaya kapena ya ng'oma zambiri. Mahedifoni abwino amalola khutu kutsata liwu lililonse palokha. Oipa amasakaniza zonse, besi n'kumeza woimba.

Manambala a pabokosi asakuzunguzeni. Pafupifupi bokosi lililonse limalemba 20 Hz mpaka 20,000 Hz, amene ndi malire a kumva kwa khutu la munthu, choncho nambala imeneyo sikuuzani kanthu. Yofunika ndi ya ma ohm. Foni imayendetsa bwino mahedifoni a 16 mpaka 32, pamene a 250 amafuna ampulifaya kuti amveke mokwanira.

Ganiziraninso kumene mukamvetsere. Otseguka kumbuyo amakoma m'chipinda chabata, koma m'minibasi amalowetsa phokoso lonse, ndipo amene mwayandikana naye amamva zanu. Paulendo sankhani otseka, kapena olowa m'khutu okhala ndi timphira tothina bwino. Kamphira kakakhala kokhwepa besi imathawa, choncho yesani timphira tonse ta m'bokosi musananene kuti katunduyo ndi woipa.

Nanga a waya kapena a Bluetooth? Pa a Bluetooth gawo lina la ndalama zanu limapita ku batire ndi tizipangizo tolandira mawu, ndipo batire limafooka zaka zikamapita. A waya safuna kutchaja, magetsi azime asazime. Chofooka chawo ndi waya amene amaduka pafupi ndi pulagi, n'chifukwa chake a waya wochotseka amakhalitsa: wadukawo mumangosintha. Avaleninso kwa kanthawi muli m'sitolo momwemo. Akamafinya makutu tsopano, mawa adzangokhala m'kabati.

Chenjerani ndi zachinyengo. Dzina la kampani yotchuka pa katundu wa mtengo wa sopo ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuli bwino kugula enieni a kampani yaing'ono kusiyana ndi abodza a dzina lalikulu. Funsani lisiti, funsaninso ngati mungabweze katundu akavuta.

Chomaliza ndi chachikulu kuposa zonse. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuchenjeza kuti achinyamata oposa 1 biliyoni ali pachiopsezo chogontha chifukwa chomvetsera mokweza. Limalangiza kuti wamkulu asapyole madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata. Timaselo ta m'kati mwa khutu tikafa sitimeranso. Apa mpamene mahedifoni otseka bwino amabweza ndalama zanu, chifukwa akatchinga phokoso la panja simuona chifukwa chokwezera voliyumu. Mukavula n'kumva kulira m'makutu, dziwani kuti mwapyola muyezo. Tsitsani, ndipo muzipumitsa makutu pafupipafupi.

Omvera, pitani kumsika ndi nyimbo yanu, yesani musanalipire, ndipo makutuwo muwasamale.