CEC THOMPSON, MWANA WAMASIYE WA MPIRA WA RUGBY

Inu abale a ku Zvishavane, Shurugwi ndi Kwekwe mudziwa bwino kuti pamene pali mgodi, bwalo la mpira silisowa. Ku England nakonso kunali comweco, koma mpira wa anthu a m'migodi ya malasha kumpoto kwa dzikolo unali wogwira ndi manja, dzina lace rugby league.

Ciyambi cace cinali mlandu wa malipiro. Munthu akasiya nchito tsiku Loweruka kuti akasewere, ndalama ya tsikulo inali kumtayika, ndipo akuru a rugby, anthu acuma, anakaniza kumbwezera. Cifukwa ca ici matimu 22 anapatuka mu 1895, pa msonkhano wa ku Huddersfield, nayamba bungwe laolao. Tiyesa kuti ali yense amene anadulidwapo tsiku pa tikiti adzamva mlanduwu msanga.

Mu mpira umenewu munachuka munthu wakuda, Cec Thompson, wobadwa mu 1926. Atate wace anali a ku Trinidad, amace mwana wa wokumba malasha. Atatewo anamwalira msanga, ndipo mwanayo anakulira m'nyumba zosungira ana amasiye, natulukamo wosadziwa bwino kuwerenga kapena kulemba. Mu 1948 analowa timu ya Hunslet mu mzinda wa Leeds, ndipo mu 1951 anasankhidwa kusewerera Great Britain polimbana ndi New Zealand, ali mmodzi wa akuda oyamba kulandira ulemu wotere. Mu 1953 anasamukira ku Workington Town, nafika nayo pa bwalo lalikuru la Wembley mu 1958.

Koma ife cotikhudza mtima ndi ici: anthu zikwizikwi anali kumuombera m'manja, pamene iye anali kucita manyazi ana akampempha kuti awalembere dzina lace. Sanabise mutu. Pa maulendo a basi opita kukasewera anali kuphunzira mau atsopano pang'onopang'ono, monga mwana wa Sitandade 1. Bondo litabvulala, mpira nutha, anadya za thukuta lace potsuka mazenera a nyumba za anthu, osaleka mabuku.

Ali ndi zaka 39 analowa Univesiti ya Leeds kuphunzira za cuma, natsiriza mu 1968. Pamenepo ndipo anabweza mangawa ace kwa mpira umene unamlera. Masiku amenewo masukulu akuru anali kuyesa rugby league masewera a anthu wamba, osayenera ophunzira. Thompson pamodzi ndi Andrew Cudbertson ndi anzao anayambitsa timu ya ophunzira pa Leeds mu 1967, ndipo kucokera pamenepo mpirawo unafalikira m'makoleji ambiri a dzikolo. Pambuyo pace anakhala mphunzitsi ku Chesterfield zaka zambiri, nalemba buku la moyo wace. Anamwalira mu 2011, ali ndi zaka 85.