N'chifukwa chiyani ndege zophunzitsira zimachita ngozi potera?

Ngozi zambiri za ophunzira kuyendetsa ndege zing'onozing'ono, monga Cessna 172, zimachitika potera. Ndegeyi imayandikira pansi ikuthamanga pafupifupi makilomita 120 pa ola. Wophunzira akachedwa kudzutsa mphuno ya ndege, tayala lakutsogolo ndilo limayamba kugunda pansi, ndege n'kumanjanja, mwina tayalalo n'kuthyoka. Nayo mphepo yowomba cham'mbali imaikankhira kunja kwa msewu wake. Aphunzitsi amalangiza kuti zikavuta, wophunzira awonjezere moto, akwerenso m'mwamba, azungulire n'kudzayesanso.

Pamabwalo afumbi akumidzi pali vuto linanso: ng'ombe, mbuzi ndi ana odutsa. Ndege ikangotera singakhote mwadzidzidzi ngati galimoto. Choncho alimi oyandikana ndi bwalo azidyetsera ziweto zawo kutali.