Masana a Mpumulo pa Magombe a Likoma

Chilumba cha Likoma, chomwe ndi gawo la Malawi ngakhale chazunguliridwa ndi madzi a Mozambique, chili ndi magombe ang'onoang'ono obisika pakati pa matanthwe ndi milambe, ndipo amakoma kuwayendera dzuwa likapendeka, mchenga utasiya kuwotcha mapazi. Alendo ambiri ofika pa sitima ya Ilala amathamangira tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chomwe a Anglican anayamba kumanga mu 1903, koma wosafulumira amapindula kwambiri kugombe, poti m'madzi oyerawo mumaoneka mbuna, tinsomba tamawangamawanga todya ndere za pamiyala. Kusambira kumavuta pokhapokha mwera, mphepo yamphamvu ya miyezi yozizira yochokera kummwera, ukavundula nyanja, ndipo zikatero ngakhale asodzi a usipa amakokera mabwato awo kumtunda.