Katapila: mwezi ndi mwezi kulipira, ngongole osatsika

Njala ikafika pachimake mu Januwale ndi Febuluwale, alimi ena a mbatata ya kachewere ku Tsangano ndi a fodya ku Macanga amathamangira katapila.

Vuto limadza pobweza. Mwachitsanzo, wokongola mametikali 1,000 pa chiongoladzanja cha 500 pamwezi, akamapereka 500 okhawo, pakutha miyezi inayi amakhala atataya 2,000 koma ngongole ikadali 1,000 yomweyo. Mapeto ake mbuzi kapena njinga imapita.

Wa fodya zimamuthina kawiri. Pamsika kampani ya Mozambique Leaf Tobacco imayamba yadula ngongole yake ya feteleza, uku wakatapila akudikira pakhomo.

Nchifukwa chake mlimi wochenjera amakapangana ndi mwini ndalama pamaso pa nyakwawa kuti chiongoladzanja chiime, ndipo chilichonse chimene wabweza chilembedwe papepala.