Chitsamba chomwe chinabala mapiritsi a shuga

M'makomo mwathu ambiri muli munthu yemwe amamwa timapiritsi totchedwa metformin kaamba ka matenda a shuga. Ena akatopa nato amati bola angobwerera ku zitsamba. Koma kodi mukudziwa kuti gwero la mapiritsi amenewa ndi chitsambanso?

Chitsambacho dzina lake ndi Galega officinalis. Ndi cha m'banja la nyemba ndipo chimamera ku Ulaya. Kalekale asing'anga a kumeneko ankachipereka kwa munthu womva ludzu losatha komanso wokodza pafupipafupi, zomwe lero tikudziwa kuti ndi zizindikiro za shuga. Sanalakwe ayi, mankhwala analimodi. Komatu chitsamba chomwechi nkhosa zikachidya chambiri zimafa.

Apa ndi pomwe kuyesa kunayambira. M'chaka cha 1918 katswiri wina anapatsa akalulu mankhwala otchedwa guanidine, omwe ndi achibale ndi aja opezeka m'chitsambachi, ndipo shuga wa m'magazi mwawo anatsikadi. Vuto linali lakuti mlingo wotsitsa shuga unali pafupi kwambiri ndi mlingo wakupha. Mu 1926 ku Germany anatulutsa mankhwala ena a mtundu womwewu otchedwa Synthalin. Odwala anawalandira ndi manja awiri, koma posapita nthawi kunaoneka kuti akuwononga chiwindi ndipo anasiyidwa. Pa nthawiyo n'kuti jakisoni wa insulini, yemwe anatulukiridwa ku Toronto mu 1921, atakopa kale mitima ya madokotala.

Metformin weniweniyo anapangidwa mu 1922 ku Dublin ndi Emil Werner ndi James Bell, koma anthu sanamulabadire kwa zaka 35. Mu 1957 dokotala wa ku Paris, Jean Sterne, ndiye anamuyesa pa odwala shuga n'kuona kuti akuthandiza. Tsono tamvani izi: panali mbale wake wina, phenformin, yemwe anali wamphamvu kuposa iye ndipo madokotala ambiri anathamangira kwa ameneyo. Kenako kunadziwika kuti amachulukitsa asidi m'magazi mpaka ena kumwalira, ndipo dziko la America linamuletsa mu 1977. Metformin, yemwe amagwira ntchito makamaka pochepetsa shuga wotuluka m'chiwindi, anatsala. Kafukufuku wamkulu wa ku Britain yemwe anatuluka mu 1998, atatsatira odwala kwa zaka pafupifupi khumi, anasonyeza kuti mapiritsiwa amachepetsa imfa pakati pa odwala onenepa.

Kuchokera pa akalulu aja kufika pamenepa panadutsa zaka 80. Ine ndikamamva wina akuchemerera botolo la madzi a masamba pamsika kuti limatheratu shuga, zaka zimenezi ndi zomwe ndimakumbukira.

Sindikunyoza chammwamba kapena nimu zomwe ambiri kuno kunyanja amawiritsa. Koma kapu ya madzi a masamba ilibe mlingo. Ya lero ikhoza kukhala yamphamvu kuposa ya dzulo. Ngati mukumwa zitsamba, adokotala auzeni poyera, ndipo musasiye mapiritsi mwa inu nokha. Makamaka inu amene muli pa insulini kapena glibenclamide, shuga akhoza kutsika mopitirira: thukuta, kunjenjemera, chizungulire. Zikatere, kapena kamakina koyezera kakaonetsa nambala yochepera 70 mg/dL, imwani kapena idyani chotsekemera nthawi yomweyo, ngakhale muli pa swaumu.