Chithunzi chimene sichiyenera kutayidwa msanga

Mukamatumiza ndalama pa foni, pamakhala kanthawi kochepa kuposa kuphethira kwa diso pamene ndalamazo zachotsedwa kwa inu koma sizinalembedwe kwa wolandira. Nanga ngati panthawi yomweyo wina ku ofesi akuwonkhetsa ndalama za makasitomala onse, apeza zingati? Funso limeneli ndi limene ndimadyera. Ndimalemba mapulogalamu a m'kati mwa database, nkhokwe imene imasunga zolembedwa za mabanki, masitolo ndi zipatala, ndipo nthawi yanga yambiri imathera pa PostgreSQL, imene inabadwira ku yunivesite ya California ku Berkeley mu 1986.

PostgreSQL ikamasintha mzere siifufuta wakale. Imalemba watsopano pambali, wakalewo n'kuusiya pomwepo. Ntchito iliyonse yosintha zinthu, imene timaitchula kuti transaction, imalandira nambala yakeyake, ndipo wowerenga akamayamba amapatsidwa snapshot, ndiye kuti chithunzi cha mmene zinthu zilili panthawiyo. Musaganize kuti nkhokwe yonse imakopedwa. Chithunzichi ndi kakalata chabe: manambala awiri a malire ndi mndandanda wa ntchito zimene zinali zisanathe. Wowerengayo akapeza mzere wolembedwa ndi ntchito yosathayo amaudumpha n'kuwerenga wakale, choncho ndalama zanu aziwerenga kamodzi kokha. Njirayi imatchedwa MVCC. David Reed anaifotokoza ku MIT mu 1978, ndipo inalowa mu PostgreSQL mu 1999.

Koma mizere yakale ija singangounjikana mpaka kalekale. Pali wosesa, dzina lake VACUUM, amene amayendayenda kuichotsa. Asanachotse mzere amayamba waona ngati palibe chithunzi kapena ntchito yosatha imene ingaufunebe. Moyo wa chithunzi, kuyambira pamene chatengedwa mpaka pamene chabwezedwa, ndiwo umamanga kapena kumasula manja a wosesayo.

Tsiku lina pamalo amene ndinkagwira ntchito, mnzathu anasintha mzere umodzi Lachisanu madzulo, osatsiriza ntchitoyo, n'kuweruka. Pofika Lolemba disiki inali itatupa ndipo chilichonse chinkakwawa ngati nkhono. Wosesa ankadutsa ndithu, koma sankaloledwa kuchotsa chilichonse chimene chinatha ntchito Lachisanu lija litadutsa. Zikapitirira, ngozi imakula. Manambala a ntchito ali ndi malire chifukwa amasungidwa m'mabiti 32, ndipo kusiyana kwa yakale kwambiri ndi yatsopano kukayandikira 2 biliyoni, PostgreSQL imakana kulandira zosintha zatsopano pofuna kuteteza zimene inasunga. Opanga database ina yotchedwa Oracle anasankha njira ina. Kwa iwo wochedwayo ndi amene amalangidwa: zakale zimene ankadalira zikalembedwa pamwamba, ntchito yake imaimitsidwa ndi uthenga wa ORA-01555.

Vuto la ntchito yosiyidwa osaitsiriza ndi lopweteka, koma limaoneka. Limene limandisowetsa tulo ine ndi la kutaya chithunzi msanga, ndipo limachitikira m'kati mwenimweni mwa pulogalamu, m'chinenero cha C. Wolemba pulogalamu akaitana GetTransactionSnapshot, chimene amalandira nthawi zambiri si chake. Amangolozeredwa pamalo amodzi ogwiritsidwa ntchito mobwerezabwereza, ngati bolodi la m'kalasi limene mphunzitsi wotsatira adzafufuta kuti alembe zake. Wofuna kuchisunga ayenera kuchilembetsa ndi RegisterSnapshot kapena kuchiika pamulu ndi PushActiveSnapshot. Apo chimakopedwa, ndipo makina amayamba kuwerenga kuti ochigwira alipo angati. Wolembayo akaiwala, pulogalamu imayenda bwinobwino poiyesa, chifukwa bolodi lija linali lisanafufutidwe. Imadzalakwa pakapita miyezi, pa seva yotanganidwa, mwina osatulutsa uthenga uliwonse.

Taganizirani za zinthu zikuluzikulu, monga kalata yaitali yosungidwa mu mzere. Mzere ukapitirira pafupifupi makilobaiti 2, PostgreSQL imatha kudula chachikulucho m'zidutswa n'kuzisunga kwina, mu mzeremo n'kusiyamo kolozera. Ndiye wina awerenge mzerewo, abweze chithunzi, kenako apite kukatenga zidutswazo. Pakati pamenepo mzere uja ungathe kufufutidwa ndi munthu wina, wosesa n'kuona kuti palibenso woufuna, n'kusesa zidutswazo. Kolozera kali m'manja, koma chimene kakuloza kulibe. N'chifukwa chake masiku ano PostgreSQL imakaniratu kukatenga zidutswa ngati palibe chithunzi chamoyo, ndipo ndimaona kuti anachita bwino. Ndi bwino makina akuwe pomwepo kusiyana n'kuti abise cholakwa.

Anzanga akandipatsa pulogalamu yawo kuti ndiunike, ndisanaone za liwiro ndimayamba ndafufuza mwini wa chithunzi chilichonse. Anachitenga ndani, adzachibweza pati, nanga ntchito ikagwa pakati chidzatsala m'manja mwa yani? Funso lomalizali ndi limene ambiri amaliiwala, chifukwa cholakwa chikachitika pulogalamu imalumpha mizere yonse yotsala, kuphatikizapo uja wobweza. PostgreSQL ili ndi kaundula wotchedwa ResourceOwner amene amatolera zonse zosiyidwa ntchito ikatha, ndipo ikatha bwino koma chithunzi chisanabwezedwe, amachenjeza. Chenjezo limenelo sindilinyalanyaza ngakhale kamodzi.

Kwa inu amene simulowa m'katimo koma mumayang'anira database ya kuntchito kwanu, chida chilipo kuyambira mu 2016. Dzina lake ndi idle_in_transaction_session_timeout, ndipo chimadula aliyense amene watsegula ntchito n'kungokhala chete kupitirira nthawi imene mwaika. Chimabwera chozimitsa. Pamalo paja tinachiyatsa Lolemba lomwelo, disiki isanaphwe n'komwe.